Njinga yoyenda m'tchire ndi maulendo aatali: yambirani pa tayala

Munthu akafuna njinga yoti aziyenda nayo m'misewu yafumbi, m'tinjira ta m'mapiri, kapena pa ulendo wa masiku angapo atasenza katundu, nthawi zambiri amayamba ndi funso la felemu: yachitsulo kodi, kapena ya aluminiyamu? Wina amayamba n'kuwerenga magiya. Ine ndimati mafunso amenewo adikire kaye. Chimene chimaponda pansi ndi tayala, ndipo pa njinga yonse palibe china chimene chimasintha kayendedwe kake kuposa mphira umenewo ndi mpweya uli m'katimo. Mukadziwa tayala limene njira yanu ikufuna, mafelemu ambiri amagweratu pomwepo, chifukwa tayalalo silikwanamo.

Mbiri ya njinga za m'mapiri imachitira umboni zimenezi. M'zaka za m'ma 1970, achinyamata a ku Marin County ku California, ena mwa iwo Joe Breeze, Gary Fisher ndi Charlie Kelly, ankatsetsereka m'njira zamiyala za kufupi ndi phiri la Tamalpais. Njinga zopepuka zampikisano zinalipo, koma iwo ankatola njinga zakalekale za Schwinn za m'ma 1930 ndi 1940, zolemera ngati mtolo wa nkhuni zaziwisi. Chimene ankazifunira chinali matayala ake onenepa, a mainchesi 2.125. Felemu yopangidwira dala ntchito imeneyi inabwera pambuyo, pamene Joe Breeze anapanga yake yoyamba mu 1977, ndipo njinga ya m'mapiri ya kampani ya Specialized, yotchedwa Stumpjumper, inayamba kugulitsidwa mu 1981.

Kwa zaka zambiri okwera njinga ankakhulupirira kuti tayala lowonda, lopopedwa mpaka kulimba gwa, ndilo limathamanga. Pamalo osalala ngati galasi zimenezo n'zoona ndithu. Koma pamiyala tayala lolimba siligonja. Likagunda kamwala, njinga yonse pamodzi ndi wokwerapo imanyamuka pang'ono n'kugwanso, kambirimbiri pa mphindi imodzi yokha. Mphamvu yonyamula thupi lanuyo ikuchokera m'miyendo yanu yomwe, ndipo ikuthera m'kugwedezeka kwa manja, msana ndi matako m'malo mokankha njinga. Tayala lalikulu la mpweya wocheperako limameza kamwalako, njinga n'kudutsa osadumpha. Chimene chimanyenga anthu n'chakuti kugwedezekako kumamveka ngati liwiro. Jan Heine ndi anzake a magazini ya Bicycle Quarterly anayesa matayala pamisewu yeniyeni n'kupeza kuti aakulu ofewa satsalira m'mbuyo, ndipo masiku ano ngakhale ochita mpikisano paphula anachoka pa mamilimita 23 n'kupita pa 28 kapena 30.

Ndiye likule bwanji? Ngati ulendo wanu ndi wa phula losakanikirana ndi msewu wafumbi wosamalidwa bwino, mamilimita 38 mpaka 45 amakwana. Pomwe pali miyala yotakasuka, mizu ya mitengo, ndi mabampu ang'onoang'ono ondondozana ngati malata aja, ndimayambira pa mamilimita 50, ndipo ndikasenza katundu ndimakonda mainchesi 2.2 mpaka 2.6 (pafupifupi mamilimita 56 mpaka 66). Mchenga wakuya umafuna mainchesi 3 kapena kuposa, kuti njinga iziyandama m'malo mokumba. Mpweya nawo umatsika tayala likamakula. Lowonda la mamilimita 25 limafuna mwina psi 80 kapena kuposa (psi ndi muyeso wa mphamvu ya mpweya m'tayala), pomwe la mainchesi 2.2 limayenda bwino pakati pa psi 20 ndi 30, malingana ndi kulemera kwanu ndi katundu. Nambala yaikulu yolembedwa m'mbali mwa tayala ndi malire osayenera kupyola, si pomwe muyenera kufika. Popani, yendani pang'ono, phwetsani pang'ono, yendaninso. Mukamva limu ikugunda mwala kuti kho, kapena tayala likupindika pokhota, mwatsitsa mopyola.

Kugunda kumeneko ndiko kumabweretsa kuponcha kwamtundu wina kumene aliyense woyenda m'miyala amakudziwa. Mukatulutsa chubu mumapeza timabowo tiwiri toyandikana ngati palumidwa ndi njoka, chifukwa chubucho chapanidwa pakati pa mwala ndi milomo iwiri ya limu. Apa ndi pamene matayala opanda chubu, otchedwa tubeless, amaonetsa ubwino wake. Kampani ya Mavic inayamba nawo pa njinga za m'mapiri mu 1999. M'malo mwa chubu mumathira timadzi toyera ngati mkaka, tokhala ndi labala wosungunuka. Munga ukaboola, mpweya umakankhira timadzito pabowopo, n'kuundana pompo. Mumangomva kuti tsii kwa masekondi angapo, kenako zii, inu mukupitabe. Ndinasololapo tayala lakale n'kuwerenga minga yopitirira khumi itabaya m'kati, ine osadziwa n'komwe kuti inalowa liti.

Komabe walira mvula walira matope. Timadzi timeneti timauma pakapita miyezi ingapo, ndipo kukatentha timauma msanga. Mwala wakuthwa ukang'amba m'mbali mwa tayala, palibe madzi amene angatseke. Kukhazikanso tayala pa limu ndi kapampu kam'manja nthawi zina kumakanika. Choncho wa tubeless asachoke opanda chubu chimodzi kapena ziwiri, zigamba, ndi kachidutswa kolimba kotchingira pong'ambika m'kati mwa tayala. Ndipo musanalowetse chubucho, pitsani chala pang'onopang'ono m'kati monse muzule minga yonse yakale ija, apo ayi chubu chatsopanocho chiphwa musanakwerepo.

Za timabampu ta pamwamba pa tayala anthu amazikuza mopitirira. Zikuluzikulu zimathandiza m'matope ndi potsetsereka pamiyala, koma paphula zimalira ndi kukubwezani m'mbuyo tsiku lonse. Pa ulendo wosakaniza njira, sankhani lokhala ndi timabampu tating'ono toyandikana pakati, tokulirapo m'mbali. Choyenera kuchiyang'anitsitsa ndi khoma la m'mbali. Lopyapyala limayenda mofewa ndi mopepuka, lokhuthala limapirira miyala. Matayala ngati Schwalbe Marathon anatchuka kwa oyenda maiko chifukwa cha kupirira, osati chifukwa chokoma kupalasa.

Tsopano gwadani pafupi ndi tayala lililonse muwerenge m'mbalimo. Mupeza zolembedwa ngati 29 x 2.2, ndipo penapake, m'timalemba tating'ono, 55-622 kapena zofanana nazo. Khulupirirani zachiwirizo. Nambala yoyamba ndi kunenepa kwa tayala m'mamilimita, yachiwiri ndi kukula kwa limu pomwe tayala limakhala. Mayina a mainchesi ndi osokoneza kwabasi. Wilo la 29 ndi la 700C limu yake ndi imodzi, ya 622. La 27.5 ndilo 650B, limu ya 584. La 26 la njinga za m'mapiri ndi 559. Ndipo la 28 x 1 1/2 la njinga zakale zolimba zija ndi 635, kutanthauza kuti limu ya 28 imeneyi ndi yaikulu kuposa ya 29! Munthu wogula tayala potsata dzina lokha angathe kulimbana nalo mpaka kupindika zitsulo zosololera, pomwe vuto ndi mamilimita 13 okha.

Wilo lalikulu la 622 limadumpha maenje mosavuta ndipo limasunga liwiro. La 584 lokhala ndi tayala lonenepa limayenerera bwino anthu aafupi. La 559 linali chisankho cha oyenda maulendo aatali kwa nthawi yaitali chifukwa linkapezeka paliponse, koma opanga njinga zatsopano analisiya, moti matayala abwino a saizi imeneyi akunka nachepa. Funsani kaye za kumene mukupita musanasankhe, osangotsata malangizo a zaka 20 zapitazo.

Tayala ladziwika, tiyeni ku felemu. Funso loyamba: kodi likwana, n'kutsala mpata? Kukwana kokha sikokwanira. Ndinaphunzira zimenezi tsiku lina mvula itangokata, panjira ya dothi lomata. Tayala langa lakumbuyo linkadutsa pakati pa mapaipi a felemu ndi kampata kongolowa chikhadabo. Nditayenda mamita ochepa dothi linamatirira, linaunjikana kuseri kwa mapedulo, wilo n'kuima nji. Ndinagwetsa njinga m'mbali mwa njira, n'kumakolokosa ndi kamtengo, kukankha pang'ono, kuimanso. Madzulo nditatsuka ndinapeza penti yonse yapalika m'kati mwa mapaipiwo mpaka chitsulo kuonekera mbee. Kuchokera tsiku limenelo ndimafuna mamilimita osachepera 6 mbali iliyonse, ndipo kumalo amatope oposa pamenepo. Mpatawo umathandizanso wilo likapindika pang'ono sipoko itaduka, chifukwa limazungulirabe.

Chachiwiri ndi kaumbidwe. Mapaipi awiri ochokera pamapedulo kupita ku wilo lakumbuyo amakhala aafupi pa njinga zampikisano, cha m'ma mamilimita 410, koma pa njinga zaulendo amafika mamilimita 450 kapena 460. Kusiyana kwa zala ziwiri kapena zitatu kumeneku mumakumva mukapachika zikwama pa keliyala. Akafupika, chidendene chimagunda chikwama pa kupalasa kulikonse, inu n'kukankhira zikwamazo kumbuyo, kulemera n'kudutsa pakati pa wilo, kutsogolo n'kuyamba kupepuka ndi kuyendayenda pachitunda. Njinga yaitali imakhazikika. Foloko yopendekera kutsogolo, ya madigiri 66 mpaka 69, imapatsa mtima pansi potsetsereka, pomwe yoimirira ya 72 kapena 73 imakhota msanga koma imachita mantha pamiyala. Pamene pali mapedulo pakatsika, njinga imakhazikika pamsewu koma pedulo imagunda miyala ndi zitsa.

Saizi ya felemu isakhale yongoyerekeza. Yesani kukwera. Ngati mukutambasuka mpaka zigongono kuwongoka, kapena khosi likuwawa pakangotha theka la ola, tsiku lachitatu la ulendo mudzadana nayo njingayo, ngakhale ikhale yodula chotani.

Za chitsulo ndi aluminiyamu tafika nazo tsopano, ndipo pali zambiri zongomva zimene anthu amabwereza. Chitsulo cha njinga zabwino ndi chosakaniza chotchedwa chromoly 4130, kapena mapaipi a makampani ngati Reynolds, Columbus ndi Tange. Reynolds 531 inatuluka mu 1935 ndipo njinga zake zina zikuyendabe. Aluminiyamu amapepuka pafupifupi katatu kuposa chitsulo, koma amapindikanso mosavuta pafupifupi katatu, n'chifukwa chake mapaipi ake amawapanga onenepa. Amati chitsulo chimayenda mofewa ndipo aluminiyamu amagwaza. Pa tayala lowonda mwina mungamveko, koma mukakhala pa tayala la mainchesi 2.2, mpweya ndiwo ukugwira ntchito yonseyo, ndipo sindikhulupirira kuti ambiri angasiyanitse atatsinzina.

Kusiyana kwenikweni kuli pa tsiku latsoka. Chitsulo chimachenjeza. Chimapindika, mng'alu wake umakula pang'onopang'ono, ndipo wowotcherera waluso angathe kuchilumikiza n'kukufikitsani kumene mukupita. Ndati waluso, chifukwa mapaipi amenewa pakati pake amapyapyala kuchepera milimita imodzi, moti wozolowera zitsulo zamageti angathe kungoboola. Aluminiyamu wa mtundu wa 6061 akawotchereredwa amafooka mpaka atamutenthetsanso mu uvuni wapadera, choncho kukonza kwa panjira kulibe. Carbon, ulusi wapadera womatidwa ndi guluu wolimba, ndi wopepuka ndi wolimba modabwitsa, koma mwala ukamugunda angathe kusweka m'kati kunja kukuoneka bwinobwino, komanso chikwama chokhula pamalo amodzi ndi fumbi chimamudya ngati sandipepa. Titanium sachita dzimbiri, koma ndi wodula ndipo omuwotcherera ndi ochepa. Kwa woyenda masiku awiri kapena atatu, aluminiyamu alibe vuto m'pang'ono pomwe. Kwa wopita kutali ndi mashopu kwa miyezi, mtima wanga uli pa chitsulo, bola azichipaka mafuta m'kati kuopa dzimbiri.

Werenganinso timabowo ta mabawuti pa felemuyo: ta keliyala kumbuyo, ta pa foloko, ta mabotolo amadzi atatu kapena kuposa. Zomangira zongopanikiza zilipo, koma zimasuntha.

Foloko yokhala ndi mashoko ndi yabwino m'tinjira tamiyala ikuluikulu, pamene mukutsika mothamanga. Pa ulendo wautali wa misewu yafumbi ndimaikayikira. Imawonjezera kulemera, imavuta kumangapo katundu, ndipo imafuna chisamaliro: kampani ya RockShox, yopanga mafoloko otere, imalangiza kutsegula kumunsi kwake ndi kusintha mafuta pakatha maola 50 aliwonse okwera, amene pa ulendo amatha m'sabata imodzi kapena ziwiri. Yotchipa imangokhala sipuling'i yolemera yodumphadumpha. Ambiri oyenda njira ya Great Divide, ya makilomita opitirira 4,000 kuchokera ku Canada mpaka kumalire a Mexico, amaimaliza ndi foloko yopanda mashoko ndi tayala lalikulu.

Mawilo ndiwo amayamba kudandaula katundu akachuluka. Funani limu ya makoma awiri, yotakata mogwirizana ndi tayala, ndi masipoko 32, kapena 36 ngati ndinu wolemera kapena mukusenza kwambiri. Chodabwitsa n'chakuti masipoko owonda pakati, a mamilimita 2.0 kumapeto ndi 1.8 pakati, amakhalitsa kuposa onenepa ponseponse, chifukwa pakatipo pamatamuka n'kupeputsira pokhota paja pamene sipoko imakonda kudukira. Wilo lomangidwa bwino, masipoko onse atakokedwa mofanana, limaposa lodula lomangidwa mwachisawawa. Tengani masipoko apadera atatu kapena anayi a utali woyenera. Dziwaninso kuti ya kumbuyo mbali ya tcheni simungailowetse osachotsa masipuloketi, choncho kachida kochotsera kasatsale. Valavu nayo: bowo la limu la valavu yonenepa ngati ya galimoto limalandira mitundu yonse ya machubu, pomwe bowo laling'ono la valavu yowonda yotchedwa Presta limalandira Presta yekha.

Pa magiya, iwalani kuchuluka kwake. Funsani kuti giya yopepukitsitsa ndi yopepuka bwanji. Kuwerengera kwake n'kosavuta: mano a kutsogolo, kugawa ndi mano a kumbuyo, kuchulukitsa ndi mtunda umene wilo limayenda likazungulira kamodzi. Wilo la 29 x 2.2 limayenda pafupifupi mamita 2.3. Ndi mano 22 kutsogolo ndi 36 kumbuyo, kupalasa kamodzi kumakupititsani mamita 1.4. Njinga yapamsewu ya 34 ndi 32 imapitirira mamita 2, ndipo pachitunda chamiyala muli ndi makilogalamu 20 a katundu, kusiyana kumeneko ndiko kumanena ngati mukwera kapena mutsika n'kumakankha. Ndimalangiza kusapitirira mamita 1.6. Sindinamvepo munthu akudandaula pamwamba pa phiri kuti giya yake inapepuka mopyola.

Kuyambira pamene kampani ya SRAM inatulutsa magiya otchedwa XX1 mu 2012, njinga zambiri za m'mapiri zili ndi chimbale cha mano chimodzi chokha kutsogolo, kumbuyo masipuloketi 11 kapena 12. Masipuloketi a mano 10 mpaka 51 amapereka kusiyana kwa 510 peresenti pakati pa giya yopepukitsitsa ndi yolemetsetsa, ndipo ndi mano 32 kutsogolo mumafika pa mamita 1.4 omwe aja. N'zosavuta kugwiritsa ntchito komanso matope alibe pokodwa pambiri. Koma zimbale zitatu zachikale, 44, 32 ndi 22, pamodzi ndi 11 mpaka 34 kumbuyo, zimapitirira 600 peresenti, tcheni chake cha magiya 8 kapena 9 n'chokhuthala, chimapezeka mosavuta, ndipo chimalolera ngakhale zinthu zitapindika pang'ono. Palinso habu ya Rohloff ya ku Germany, imene inatuluka mu 1998, ya magiya 14 otsekeredwa m'kati mwa mafuta, yongofuna kusintha mafutawo pa makilomita 5,000 aliwonse kapena kamodzi pachaka. Siwonongeka kawirikawiri, koma ikatero, kukonza kwake si kwa pansi pa mtengo.

Achinyamata a ku Marin aja mpikisano wawo wa 1976 anautcha Repack, kutanthauza kupakanso girisi, chifukwa potsika buleki ya m'habu inkatentha mpaka girisi kupsa n'kufuka utsi, moti ankayenera kupakanso wina akafika pansi. Kutentha ndi mdani wa buleki mpaka lero. Mabuleki ogwira limu, monga V-brake, ndi osavuta kukonza, koma m'matope amafooka, ndipo mchenga umadya limuyo mpaka kupyapyala. A disiki amagwira mvula kaya dzuwa, ngakhale wilo litapindika. A disiki okokedwa ndi waya, ngati Avid BB7, mungawakonze ndi sipanala ndi waya wapadera. A mafuta amagwira mwamphamvu ndi chala chimodzi, zimene manja amayamika potsika kwa ola lathunthu, koma paipi yake ikaduka mwatsala ndi buleki imodzi. Samalani ndi mafutawo: mabuleki a makampani a Shimano ndi Magura amagwiritsa ntchito mafuta otchedwa mineral oil, ena amagwiritsa ntchito mtundu wina wotchedwa DOT, ndipo mukasokoneza, timalabala ta m'kati timafufuma n'kuwonongeka. Ndi katundu, disiki ya mamilimita 180 kutsogolo imapirira kutentha kuposa ya 160. Mapadi a buleki achitsulo amalira koma amakhalitsa m'matope. Aphatikizeni apadera m'chikwama.

Chishalo ndi mahandulo palibe angakusankhireni. Ena amalumbirira chishalo chachikopa cha Brooks B17, ena chimawapweteka mpaka kuchisiya. Mahandulo otakata owongoka amalamula bwino pamiyala, opindikira pansi amapatsa manja malo ambiri osinthira. Chachikulu n'chakuti manja asakhale pamalo amodzi tsiku lonse, chifukwa zala zimachita dzanzi.

Katundu mungamusenze pa keliyala ndi zikwama zam'mbali, zimene zimalowa zambiri koma zimakodwa m'tinjira topanikiza, kapena m'zikwama zomangirira pa felemu, pa handulo ndi pansi pa chishalo, zimene zimalowa zochepa koma sizigwedera. Zolemera zikhale pansi ndi pakati. Mabawuti a keliyala amamasuka okha ndi kugwedezeka, ndipo limodzi likagwa linzake limaduka, choncho ayendereni m'mawa uliwonse.

Pali kachitsulo kena kamene ambiri sakadziwa mpaka tsiku limene kawasiya kakasi. Kali kumbuyo kudzanja lamanja, pamene pamamangidwa chosinthira magiya chija chotchedwa derailleur. Pa mafelemu ambiri kamapangidwa kofewa dala kuti njinga ikagwa kapena kamtengo kakalowa m'tcheni, kapindike kapena kuduka ikoko, felemu n'kupulumuka. Vuto n'lakuti mitundu yake ilipo yambirimbiri, ndipo ka felemu ina sikalowa pa ina. SRAM inayambitsa kamtundu umodzi kotchedwa UDH mu 2019, kamene mafelemu ambiri atsopano akutsatira, koma akale ali ndi kawokawo. Pa tsiku limene mukugula felemu, gulaninso kapadera, mukayese kuti kakulowadi, kenako mukakulunge m'kansalu pamodzi ndi kolumikizira tcheni n'kukaika pansi pa chikwama cha zida.